Foni ya Rajabo Inatsukidwa ku Mandimba

Florência Samuele ali ndi zaka makumi atatu mphambu zisanu ndi zinayi. Ndi mkazi wamasiye wa ana atatu, ndipo amagulitsa nsomba zouma pa msika ku Ngauma. Ndi mwana wa mlongo wanga.

Anabadwira ku Namwera, ku Malawi, nthawi imene tonse tinali kothawa nkhondo. Tinabwerera kuno iye akutha kusenza kachigubu ka madzi. Sukulu anaphunzirako pang'ono kwa ansembe ku Massangulo. Kuwerenga amatha. Chipwitikizi amamva cha pamsika, osati cha m'mapepala.

Anakwatiwa ndi Rajabo, Myao wachisilamu wa ku Mandimba. Kuno zimenezo si zachilendo. Rajabo anadzamanga nyumba kwathu ku Ngauma, ndipo palibe anakakamiza mnzake kusiya chipembedzo. Lachisanu mwamuna ku mzikiti, Lamulungu mkazi ku tchalitchi. Nyama ya nkhumba siinkalowa m'nyumba mwawo, basi. Ntchito ya Rajabo inali yokatenga nsomba ku nyanja ya Amaramba, poyamba pa njinga yakapalasa, kenako pa yamoto. Ankabwera ndi milamba yowamba ndi matemba. Zina ankasiyira mkazi wake, zina ankapita nazo ku Cuamba.

Foni yojambula anaigula ku Cuamba komweko. Pafupi ndi siteshoni ya sitima pali kashopu ka bambo wina wokonza mafoni, dzina lake Hélder. Iyeyo ndi amene anamutsegulira Rajabo konta. Konta ndi dzina limene munthu amalembetsa pa intaneti, kuti zimene wajambula zisamakhale m'foni mokha, koma zizipitanso kosungira kwina kumene pa Chipwitikizi amati nuvem, kutanthauza mtambo. Si mtambo wa mvula. Ndi makina a kampani, ali kutali, ndipo palibe wa kuno anawaonapo.

Rajabo atagula foni yachiwiri, yakaleyo anapatsa mkazi wake. Hélder anamufunsa ngati awatsegulire mayiwo konta yawoyawo. Rajabo anakana.

"Nyumba imodzi, konta ziwiri za chiyani? Tizibisirana chiyani?"

Choncho mafoni onse awiri anakhala pa konta imodzi. Ya Florência inali ya malo ochepa, inkadzaza msanga, ndiye Hélder anaikonza kuti zithunzi zenizeni zizikhala kumtambo, m'foni muzitsala tizithunzi tating'ono tongoonera. Florência sanadziwe kusiyana kwake. Chimene ankadziwa n'choti akakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, pamene redi, netiweki ya foni, imagwira, zonse zimene mwamuna wake wajambula zimabwera m'foni mwake zokha.

"Bambo a Nordino," ndinamumva tsiku lina Florência akufunsa mwamuna wake, pomutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba, "dzulo munati muli ku nyanja."

"Ndinali ku nyanja."

"Nyanja yake yokhala ndi mipando ya pulasitiki ndi mbale ya nkhuku?"

"Foni imeneyo ndi kazitape. Ndidzakulanda."

"Landani. Mundigulire yatsopano ngati yanuyo."

Rajabo ankakonda kujambula. Ankajambula nsomba kuti atumizire ogula, njinga yake, ana, milatho ikaguluka. Ankapatsanso anzake foni kuti amujambule iye, nthawi zambiri atavala chipewa chaubweya chimene ankavala ngakhale mu Okutobala. Munalinso kavidiyo kamodzi kamene Florência ankakakonda. Rajabo ali pabwalo, wagwira manja mwana wawo wotsiriza, Cátia, akumuphunzitsa kuyenda, uku akuimba nyimbo ya Chiyao ndi mawu ake osalongosoka. Kuimba sankatha.

Anafa mu Febuluwale, mvula ili pakati. Lole inamugunda pa msewu wa Mandimba kupita ku Cuamba. Anaikidwa tsiku lomwelo kwawo ku Mandimba, mwa chisilamu. Chikwama chake, momwe munali chitupa chake chokhala ndi chithunzi, sichinapezeke pa malo a ngoziyo. Foni inali m'thumba la mkati mwa jekete. Inangong'aluka pakona.

Maliro atatha, abale a mwamuna anapempha kuti Florência akhale pa eda. Eda ndi mwambo wa chisilamu. Mkazi wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osapita ku msika, osayenda maulendo, osadzikongoletsa. Florência ndi Mkhristu, akanatha kukana. Anangoti, "Ndikhala."

Apongozi ake, mayi a Rajabo, amene anthu amawatchula Abiti Omari, anabwera ku Ngauma kudzakhala naye masabata oyamba. Iwowo ndi amene anaonjezera za foni.

"Foninso ipume. Mkazi wa pa eda aziyankhulana ndi amuna a nsomba a ku nyanja? Anthu ati chiyani?"

Shehe sananene zimenezo. Anali maganizo a mayi wokalamba, ndipo Florência sanawatsutse. Anazimitsa foni, naikulunga m'kansalu, naiika pansi pa sutikesi. Zogulitsa anasiyira mnzake wa pamsika. Chimanga anamupalirira abale. Iye ankakhala pakhonde, nthawi zina akutongola mtedza, nthawi zina osachita kanthu.

Patatha masiku makumi anayi panali sadaka ya arubaini ku Mandimba, ndipo katundu wa malemu anagawidwa. Mkeka wopempherera unapita kwa mkulu wake. Jekete ndi foni zinapita kwa mng'ono wake, Abudo, amene amakonza njinga ndi kugulitsa matayala pafupi ndi malire. Kwathu chinthu cha munthu wakufa sumangochitenga n'kuyamba kugwiritsa ntchito. Umayamba wachitsuka. Zovala zimachapidwa, mpeni umatsukidwa, dengu limakwechedwa n'kuyanikidwa padzuwa. Jekete inachapidwa tsiku lomwelo.

Zimene zinachitika ndi foni, Abudo anatiuza yekha pambuyo pake. Akuti m'mawa uliwonse akaiyatsa, inkamuonetsa chithunzi cha Rajabo, ati chikumbutso cha chaka chatha. Tsiku lina Rajabo akuseka pa njinga, tsiku lina akudya chinangwa. Mkazi wa Abudo anafika potopa nazo.

"Jekete munachapa. Nanga ichi? Mukugona ndi munthu wakufa kumutu kwa bedi."

Abudo anakhala pansi pa ntchito pake, nasankha zithunzi zonse ndi mavidiyo onse, nadina pofufutira. Panatuluka mawu ambiri a Chipwitikizi. Iye anawerenga liwu loyamba lokha, nadina povomera, monga momwe tonse timachitira. Mawuwo ankanena kuti zimenezi zichotsedwa pa konta, ndiponso m'foni ina iliyonse ya konta imeneyo. Ku Mandimba redi ndi yamphamvu. Uthengawo unafika kumtambo nthawi yomweyo.

Abudo sanaganize kuti walakwa. Mumtima mwake ankati alamu ali nazo zonse mu yawo. Sanauze munthu, poti kuchapa jekete nakonso sumalengeza.

Eda inatha mu Juni, kukuzizira. Florência anasamba, navala nsalu yatsopano imene apongozi anatumiza. Madzulo ake anatulutsa foni m'sutikesi, nakaitchajitsa pa sola ya mphunzitsi wina. Ataiyatsa, zithunzi zonse zinalimo. Pakhomo pake redi sigwira, komanso analibe mega, bandulo ya intaneti, ndiye foniyo inali isanamve kalikonse.

Sabata yonse ankakhala pakhonde masana akuziyang'ana. Sankalira. Ankangopititsa ndi chala, kufika kumapeto, n'kuyambiranso. Cátia, amene anali ndi zaka zitatu, ankamukwera pamiyendo.

"Uyu ndani?"

"Ababa."

"Nanga uyu?"

"Ababa ndi chipewa."

Kavidiyo kaja kokha ndi kamene kankakana. Kankaoneka poyambira pake, Rajabo atawerama, mwana ali pakati pa miyendo yake, koma akadina sikankayenda. Kankafuna intaneti. Florência anandiuza kuti nkhope akuiona, chimene akufuna ndi mawu.

Mkazi akatuluka pa eda amapita kukaonekera kwa apongozi. Ndinamuperekeza monga malume ake. Tinakwera chapa, minibasi yathu ya kuno, mpaka ku Mandimba, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Abudo anatseka ntchito yake n'kubwera. Anali wosangalala kuti alamu ake atuluka bwino, ndipo pofuna kuchitapo kanthu, anawagulira mega pa foni yake n'kuwatumizira.

"Alamu, ndakuikirani. Muyambe kuimbira anthu anu a nsomba, bizinesi isafe."

"Zikomo, alamu."

Abiti Omari anapempha kuti aone mwana wawo. Maso awo ndi ofooka, ndiye anagwira foniyo pafupi ndi mphuno.

"Ndi iyeyu. Ndi chipewa chake chonyansa chija. Ndinamuuza kangati kuti achitaye?"

Anthu anaseka pang'ono.

"Palinso pamene akuimba, amayi," anatero Florência. "Dikirani ndiyatse mega."

Anayatsa, nabwezera foniyo m'manja mwa apongozi. Pamwamba panaoneka kachizindikiro kozungulira. Kanazungulira kanthawi. Kenako chithunzi chimene mayiwo ankayang'ana chinachoka.

"Wapita kuti?"

Florência anasuzumira. Zithunzi zinkachoka mizere mizere, za pansi n'kumakwera kudzatseka malo, nazonso n'kuchoka. Sizinatenge nthawi. M'malo mwake munayamba kulowa zina: matayala a njinga ataunjikidwa, mbuzi yoyera, mkazi wa Abudo atavala chitenje cha ukwati wa mnzake.

"Ndakhudza pati ine?" anafunsa Abiti Omari. "Chala changachi chimanjenjemera. Ndakhudza pati?"

"Simunakhudze kanthu, amayi."

"Bweretsani ndione," anatero Abudo. Anapititsa ndi chala, kukwera, kutsika. "Izi ndi zanga izi."

"Zanu zikudzatani m'foni mwanga?"

Abudo anatulutsa foni ya malemu m'thumba, naziika ziwirizo pamphasa moyandikana. Zinali ndi zithunzi zofanana, mbuzi yomweyo, matayala omwewo. Pamenepo ndi pamene ananena zimene anachita itatha arubaini. Ananena mwachidule, akuyang'ana pansi.

Mkazi wake anadzuka n'kulowa m'khitchini. Abiti Omari anapitiriza kufunsa ngati si chala chawo. Florência anatenga foni yake, naizimitsa, naiyatsanso, nayang'ana. Anachita zimenezo kawiri. Chakudya chitabwera anadya, natsuka m'manja, nathokoza.

M'mawa mwake tinapita ku Cuamba atatu, ine, Florência ndi Abudo, ndi mafoni onse awiri. Tinakwera chapa. Podutsa pamene panachitikira ngozi, Abudo analoza ndi mutu. Florência anayang'ana. Panali udzu wouma basi.

Hélder tinamupeza akumata galasi la foni ya wapolisi wina. Atamaliza anatipatsa benchi. Rajabo ankamudziwa bwino, za imfa anali atamva, ndipo anayamba wapepesa. Kenako anamvetsera nkhani yonse, natenga mafoniwo.

"Madala," anatero akuyang'ana ine, ngati kuti mwini nkhani ndine, "awa si mafoni awiri okhala ndi katundu wawowawo. Katundu ali malo amodzi, kumtambo. Wina akafufuta uku, foni imauza mtambo, mtambo umachotsa, kenako umauza foni ina iliyonse ya konta imeneyo kuti nayonso ichotse. Ya mayiwa inali yozima, sinamve. Dzulo yamva."

"Ine ndinafufuta mu yanga yokha," anatero Abudo.

"Mu yanu yokha mulibe, achimwene. Konta ndi imodzi. Sinakufunseni?"

"Inalemba zinazake."

"Zinazake zimenezo ndi zimenezi."

Florência anafunsa, "Nanga sabata yonse ija ndimaona chiyani?"

"Tizithunzi totsalira m'foni, mayi. Tongoonera. Mukanabwera nayo kuno musanayatse mega, bwenzi titatijambula ndi foni ina, kamodzikamodzi. Tikanakhala tosaoneka bwino kwenikweni, komabe nkhope ikanadziwika. Koma musataye mtima, tiyeni tione kudzala."

Anafotokoza kuti chofufutidwa sichitheratu tsiku lomwelo. Chimayamba chapita kudzala, kumene chimakhala kanthawi, kuti munthu akasintha maganizo akachitole. Anatsegula dzalalo pa foni ya malemu. Munali zithunzi ziwiri za tayala losaoneka bwino, zimene Abudo anataya sabata yapitayo. Anatsegulanso pa kompyuta yake. Chimodzimodzi.

"Munafufuta liti?"

"Itangotha arubaini. Kumapeto kwa Malichi."

Hélder anawerenga miyezi pa zala, naima.

"Dzala la konta ngati iyi limasunga miyezi iwiri basi, kenako limadzikhuthula lokha. Mukanabwera mu Meyi, bwenzi nditadina pamodzi, zonse zitabwerera. Nanga inu mayi, miyezi yonseyi munali kuti?"

"Pa eda."

Hélder anayang'ana kompyuta yake. Panja sitima ya katundu inkadutsa, ndipo tinadikira kuti phokoso lithe.

"Kumtamboko kulibe munthu woti tingamupemphe?" anafunsa Abudo. "Bwana wake kapena? Timuuze kuti ndi za maliro."

"Tikhoza kuwalembera. Ine sindinaonepo zitabwera nthawi ikadutsa chonchi."

"Lembani."

Analemba. Anayesanso kulumikiza foni ya Florência ku kompyuta kuti afufuze zotsalira mkati. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Zimene anapeza ndi chithunzi cha dengu la matemba, ndi china chotuwa chosadziwika kuti ndi chiyani.

Hélder ndi amene anaganiza zofunsa anthu amene Rajabo ankawatumizira zithunzi. Tinapita ku msika wa nsomba. Ogula ake anamukumbukira onse, ndipo aliyense anatulutsa foni yake n'kufufuza. Zimene Rajabo anawatumizira zinali nsomba. Milamba pamphasa, matemba m'thumba, milamba pa njinga. Munthu satumizira wogula nkhope yake. Bambo wina wotchedwa Januário anapeza chimodzi pamene mlamba waukulu wakwezedwa m'mwamba, ndipo pakuoneka mkono wougwira, kuyambira pachigongono, ndi wotchi ya lamba wakuda.

"Uyu si iyeyu, mayi?"

Florência anayang'ana nthawi yaitali.

"Mkono ndi wake."

"Ndikutumizireni?"

"Tumizani."

Tisanachoke, Hélder anasiyanitsa mafoni aja. Anatsegulira Florência konta yake, Abudo yakenso. Anauza aliyense kuti mawu akatuluka pofufuta, aziyamba wawerenga, ndipo ngati Chipwitikizi chavuta afunse munthu. Anawauzanso kuti chithunzi chimene sakufuna kutaya azikachitsukitsa pa pepala. Florência anavomera ndi mutu zonsezo.

Pobwerera chapa inadzaza, tinakhala mothinana kumbuyo pamodzi ndi matumba a mchere. Titayandikira Mandimba, Abudo anatulutsa foni ya mkulu wake n'kuiika pamiyendo pa Florência.

"Alamu, tengani. Ine sindiifunanso."

"Ndichite nayo chiyani? Munaitsuka kale."

Anamubwezera. Sanalankhule mokalipa. Abudo anatsikira pa Mandimba, ife tinapitirira.

Abale ena a kwathu atamva anafuna kuti tiitane a kuchimuna, tikhale pansi ngati mlandu. Florência anakana. Anati munthu anachita zimene aliyense amachita ndi katundu wa malemu, ndipo ngakhale atalipa mbuzi, mbuziyo siimba. Abiti Omari mpaka lero amakhulupirira kuti chinali chala chawo. Tinawafotokozera kangapo, kenako tinasiya. A kumtambo anayankha patapita masabata, ndi mawu aulemu, kuti palibe chimene angachite. Nordino, mwana woyamba, amene amaphunzira ku Lichinga, anafunsa anzake ndi abale onse amene ali ndi mafoni. Kunapezeka chithunzi chimodzi cha pa ukwati wa msuweni, cha gulu la anthu, pamene Rajabo waima kumbuyo atatembenukira kwina. Chikuoneka ndi khutu ndi chipewa.

Florência anabwerera pa msika mu Julaye. Nsomba tsopano amaoda kwa anyamata a njinga zamoto ochokera ku Amaramba, ndipo akafuna kuwaimbira amakwera pa chulu chija. Za zithunzi sazitchula, ndipo munthu akaziyambitsa amangoti, "Zinapita." Abudo amabwera ku Ngauma mwezi ndi mwezi ndi shuga kapena sopo, n'kukonza njinga ya pakhomo ngakhale isanawonongeke. Cátia ali ndi zaka zinayi tsopano. Abudo akafika amamuthamangira akuti ababa. Ndi bambo ake aang'ono, ndiye palibe amamuletsa. Nkhope ina ya bambo ake saidziwa.